PHUNZIRO: MAI WOFUNSIRA UDINDO WAUKULU PA NCHITO

Amai okondedwa, pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino ndi ogwira nchito m'mabanki amene atumikira zaka zambiri, koma mpando waukulu ukalengezedwa amabwerera m'mbuyo. Khomo silotseka. M'chaka cha 2008 Mai Mizinga Melu anakhala mai woyamba kutsogolera banki ya Standard Chartered muno m'Zambia, atagwira nchito m'bankimo zaka zoposa 10. M'chaka cha 2020 Mai Mukwandi Chibesakunda anapatsidwa utsogoleri wa Zanaco. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Koma tidziwe kuti pa maudindo otere onse ofunsira amakhala ndi madigiri. Nanga n'chiyani chimene chingasiyanitse mai ndi anzakewo? Tiyeni tione mfundo zinai.

1. Onetsani zipatso za nchito yanu

Osankha atsogoleri safuna mndandanda wa mipando imene munakhalapo. Afuna kudziwa chimene chinasintha inu muli pampandopo. M'malo molemba pa CV kuti "ndinali woyang'anira ndalama", lembani chiwerengero cha anchito amene munawatsogolera, kukula kwa bajeti imene munasunga, ndi vuto limene munathetsa. Manambala akhale oona, chifukwa adzafufuzidwa.

2. Konzani mapepala nthawi ikalipo

Wowerengera ndalama akhale membala wa ZICA, injiniya wa EIZ, ndipo woyang'anira za anchito wa ZIHRM. Olemba nchito ambiri amafunanso kuti masatifiketi atsimikizidwe ndi ZAQA. Zimenezi zimatenga masiku. Mai amene ayamba kuthamanga tsiku lotseka litayandikira amagwa mpikisano usanayambe.

3. Dziwani nyumba imene mufuna kulowamo

Makampani amene ali pa msika wa masheya wa Lusaka amafalitsa lipoti chaka chilichonse. Liwerengeni. Onani pamene phindu likuchokera ndi pamene ndalama zikutayika. Pa intavyu nenani zimene mungayambe kukonza m'miyezi itatu yoyamba. Wofunsira wamba amafotokoza za iye mwini, koma mtsogoleri amafotokoza za mavuto a kampaniyo ndi njira yowathetsera.

4. Lankhulani za nchito yanu mosaopa

Ife tinaleredwa kuti mwana wamkazi sadzitama, ndipo nzoona kuti ulemu ndi chuma. Koma kunena zoona si kunyada. Mukamangoti "tinachita", ofunsawo sadziwa mbali yanu. Yamikirani anzanu, kenaka nenani poyera chimene inu munaganiza ndi kuchita. Sankhaninso mboni zitatu zimene zinaona nchito yanu ndi maso, ndipo muzipemphe musanalembe maina awo.

Chenjezo

Wina akapempha ndalama kapena thupi lanu kuti akuthandizeni kupeza mpando, kanani. Udindo wogula umasandutsa mwini wake kapolo wa wogulitsayo, ndipo mbiri ikaipa sichapika.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene zinasintha pa nchito panu chifukwa cha inu. Kodi mungazilembe ndi manambala?
2. Kodi kudzichepetsa kumasiyana bwanji ndi kudziderera?
3. Kodi amai amene ali kale pa maudindo angathandize bwanji atsikana amene angomaliza kumene maphunziro?

Sabata ino mai aliyense wogwira nchito atulutse CV yake, aikonze, ndipo apatse mnzake kuti aiwerenge.