Khola la Nkhuku za Mazira Ndi Sukulu ya Ana Athu

Okondedwa amayi a kwa Nyampande ndi madera onse a Petauke ndi Nyimba, ana athu ambiri akamaliza Giredi 12 amangokhala pakhomo kudikira ntchito ya mu ofesi. Komatu khola la nkhuku lingawapatse luso ndi ntchito. Taonani zimene mwana amaphunziramo.

1. Kusunga nthawi. Nkhuku imayamba kuikira ikafika masabata 18 mpaka 20. Chakudya ndi madzi zikamachedwa, mazira amachepa.

2. Masamu. Nkhuku imodzi imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Nkhuku 50 zimadya makilogalamu 6, choncho thumba la makilogalamu 50 limatha m'masiku 8. Mwana azilemba m'kope mazira otoledwa, osweka ndi ogulitsidwa, kuti aone ngati mathireyi a mazira 30 akubweza ndalama ya chakudya.

3. Ukhondo. Chitopa chilibe mankhwala ndipo chimapulula khola lonse. Chitetezo chake ndi katemera, kusesa, ndi kuletsa alendo kulowa m'khola.

4. Malonda. Pogulitsa pamsika wa Petauke kapena m'mbali mwa Great East Road ku Nyimba, mwana amaphunzira kulankhula mwaulemu ndi kukana ngongole zosabwezedwa.

Wokonda ntchitoyi angathe kudzakhala mlangizi wa ziweto kapena woyang'anira famu. Maphunziro ake amapezeka ku Natural Resources Development College ku Lusaka ndi ku Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka.

Amayi, m'mera mpoyamba. Sabata ino mupatseni mwana kope ndi pensulo, ayambe ndi nkhuku zomwe muli nazo pakhomo.

Funso lokambirana: Kodi ndalama ya mazira tingaigawe bwanji kuti ya chakudya cha nkhuku isathere kukhitchini?