Nkhani Zopeka Zochokera m'Baibulo: Kodi Zimathandiza Ana?

Lemba la phunziro: Miyambo 30:5, 6

TAYEREKEZERANI kuti atate akupempha mwana wawo wazaka 8 kusimba mmene Davide anagonjetsera Goliati. Mwanayo akusimba bwino lomwe, komano akuwonjezera kuti mnyamata wina anathandiza Davide kusankha miyala kumtsinje. Atatewo akutsegula 1 Samueli chaputala 17, ndipo mnyamatayo mulibemo. Iye anachokera m'buku la nthano limene mwanayo anaŵerenga. Kodi imeneyi ndi nkhani yaing'ono?

2 Mabuku otero sanayambe lero. Mu 1880, Lew Wallace wa ku United States anafalitsa Ben-Hur, nkhani ya Myuda wopeka amene akumana ndi Yesu. The Bronze Bow, buku la ana la Elizabeth George Speare la mu 1961, limasimba za mnyamata wa ku Galileya wodana ndi Aroma. Mu 1981, akatuni otchedwa Superbook anayamba kuonetsedwa ku Japan, ndipo mmenemo ana amakono amabwerera ku nthaŵi za Baibulo. Kaŵirikaŵiri olemba ake amakhala ndi cholinga chabwino. Komabe, makolo Achikristu afunikira kusamala. Chifukwa ninji?

1, 2. (a) Kodi ndi vuto lotani limene atate angakumane nalo? (b) Tchulani zitsanzo za nkhani zopeka zochokera m'Baibulo.

Fanizo Silili Bodza

3 Malemba samatsutsa nkhani iliyonse yopeka. Yotamu anasimba za mitengo imene inafuna kudzoza mfumu, ndipo mneneri Natani anafika Davide pamtima ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa. (Oweruza 9:7-15, 2 Samueli 12:1-7) Yesu mwiniyo anaphunzitsa mwa mafanizo. (Mateyu 13:34) Koma onani kuti palibe amene anasiyidwa wosokonezeka. Natani anamasulira fanizo lake pomwepo, ndipo palibe Mwisrayeli amene anakhulupirira kuti mitengo imalankhula.

3. Kodi atumiki a Mulungu anagwiritsira ntchito motani nkhani zopeka?

Pamene Nthano Iloŵa m'Malo mwa Choonadi

4 Ngozi imabuka pamene zopeka zilukidwa pamodzi ndi mbiri youziridwa kotero kuti mwana sakhoza kuzilekanitsa. Zimenezi zinachitikapo kale. Buku la m'zaka za zana lachiŵiri C.E. lotchedwa Uthenga Wabwino wa Tomasi Wonena za Ubwana wa Yesu limati Yesu ali mwana anaumba mpheta zadothi ndi kuziulutsa. Pamene kuli kwakuti nthanoyo njokoma kuimva, Yohane 2:11 amasonyeza kuti chozizwitsa choyamba cha Yesu chinachitikira ku Kana, iye atabatizidwa kale. Tertullian anasimbanso za mkulu wina wa ku Asiya amene anapeka nkhani ya Paulo ndi Thecla. Mkuluyo anati anachita zimenezo chifukwa chokonda Paulo, komabe anataya udindo wake.

5 Nthano imakakamira mumtima. Anthu ambiri amati amuna atatu ndiwo anachezera Yesu ali kamwana, ndipo amawatcha Caspar, Melchior ndi Balthasar. Komatu Mateyu 2:1-12 satchula chiŵerengero chawo ngakhale maina awo. Mpake kuti Paulo anachenjeza za anthu amene adzasiya choonadi ndi kutsata nthano. (2 Timoteo 4:3, 4) Zoipa koposa ndizo mawu opeka oikidwa m'kamwa mwa Mulungu kapena Kristu, pakuti mwanayo angawalandire monga lamulo kapena lonjezo.

4, 5. (a) Kodi ngozi imabuka liti? (b) Kodi nchiyani chimasonyeza kuti nthano imakhalitsa?

Zimene Makolo Angachite

6 Baibulo silimapereka mpambo wa mabuku oletsedwa. Mutu wa banja uliwonse uyenera kudzisankhira. Makolo anzeru amayamba aŵerenga bukulo asanalipereke kwa mwana. Ndiyeno amaŵerenga naye cholembedwa cha m'Malemba choyamba, nthano pambuyo, namfunsa kuti: 'Kodi nziti zimene zili m'Baibulo, ndipo nziti zimene wolemba wawonjezera?' Mwakutero amaphunzitsa mwanayo kusiyanitsa zinthu ndi kusanthula Malemba monga anachitira a ku Bereya. (Machitidwe 17:11; Ahebri 5:14)

7 Ndiponso, kodi Baibulo limasoŵa nkhani zochititsa nthumanzi? Kutalitali! Yoasi anabisidwa m'nyumba ya Yehova zaka 6 kuti Ataliya asamuphe. (2 Mafumu 11:1-3) Mwana wa mlongo wake wa Paulo anaulula chiŵembu cha amuna oposa 40, ndipo asilikali 470 anaperekeza mtumwiyo usiku. (Machitidwe 23:12-24) Pambuyo pake, anthu onse 276 anapulumuka pamene chombo chinasweka ku Melita. (Machitidwe 27:37-44, 28:1) Zimenezi zinachitikadi.

8 Timoteo anadziŵa malembo opatulika kuyambira ukhanda chifukwa cha amake Yunike ndi agogo ake Loisi. (2 Timoteo 1:5, 3:14, 15) Mmera mpoyamba. Mwana amene akula akudziŵa polekezera Mawu a Mulungu ndi poyambira maganizo a munthu sadzagwedezeka atazindikira kuti ngwazi ya m'buku lake inali yopeka, pakuti chikhulupiriro chake sichinamangidwe pa iyo.

6-8. (a) Kodi makolo angathandize motani ana awo? (b) Kodi padzakhala chotulukapo chotani?

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi fanizo limasiyana motani ndi nthano yowonjezera pa Malemba?
□ Kodi cholinga chabwino cha wolemba nchokwanira?
□ Kodi ndi nkhani zoona ziti zimene ana angakondwere nazo?