Mimba idapita kale, choyezera chikuti ilipo

Wofunsa: Adokotala, mng'ono wanga adapita padera miyezi inayi yapitayo, koma magazi sakuleka. Tsopano wayamba kutsokomola magazi. Makhololo ayeza kawiri, TB sadaipeze.

Mlangizi: Nanga mkodzo adauyeza, muja amayezera mimbamu?

Wofunsa: Mimba yanjinso, poti idachoka?

Mlangizi: Pamenepo ndi pomwe timaphonyera, mayi, ngakhale ife achipatalafe. Choyezera chija sichiona mwana ayi. Chimangofunafuna hCG, homoni yopangidwa ndi nsengwa. Ndiye pali chotupa china chosowa, dzina lake choriocarcinoma, chomwe chimamera kuchokera ku timaselo ta nsengwa totsalira m'chiberekero, ndipo nachonso chimatulutsa hCG yomweyo. Kawirikawiri chimadza pambuyo pa mimba ija yopanda mwana, yongodzaza timatuza tonga mphesa. Koma chimabweranso kwa wopita padera, ngakhale kwa mayi amene adachira bwinobwino, mwana ali kumsana. Chimayenda ndi magazi, ndipo chimakonda kufalikira kaye m'mapapo. Kwathu kuno munthu akatsokomola magazi, aliyense amathamangira TB, miyezi n'kumapita.

Wofunsa: Ndiye akadule kanyama kokayeza?

Mlangizi: Zotupa zambiri timatero, koma ichi sitichiyandikira ndi mpeni mwachisawawa. N'chodzaza mitsempha, ndipo kungochikhudza munthu akhoza kutaya magazi osaletseka. Mkodzo ukaonetsa, atenge magazi kuti aone kuchuluka kwa hCG. Apange sikani ya m'mimba, poti mwina ndi mimba yatsopano kapena yokhala mu chubu. Kenako ajambule pachifuwa.

Wofunsa: Mwandiopsa. Khansa yofika m'mapapo, munthu n'kupulumuka?

Mlangizi: Iyi yokha imamva mankhwala modabwitsa. Mu 1956 dokotala Min Chiu Li wa ku National Cancer Institute, ku America, adachiza mayi yemwe chotupachi chidali chitafalikira kale, ndi mankhwala a methotrexate. Lero ambiri amachira chiberekero chili chomwecho, n'kudzaberekanso. Chovuta chake ndi kupirira: hCG amaiyezabe ngakhale munthu akumva bwino, ndipo amafunika kulera pafupifupi chaka chathunthu, chifukwa mimba yatsopano ingakweze hCG, ife osadziwa kuti ndi mwana kapena chotupa chabwerera.

Wofunsa: Alamu angavomere zolerazo?

Mlangizi: Mubwere nawo, ndiwafotokozera ndekha. Mawa lomwe atenge buku lake la kuchipatala, ndipo asanayambe za chifuwazo, atchule kaye tsiku lomwe adapita padera.