Mzinda umagula bwanji phiri? Phunziro la mpamba kuchokera ku Boulder

Wamalonda aliyense amadziwa kuti pali ndalama ziwiri zosayenera kugona m'thumba limodzi: yokaodera katundu wa mawa, ndi yomangira okala kapena kugulira filiji. Yoyamba imazungulira tsiku ndi tsiku. Yachiwiri imatuluka kamodzi, n'kumabwerera pang'onopang'ono kwa zaka. Akazisakaniza, mpamba umatha osadziwika kuti walowera kuti.

Khonsolo nayo ili ndi matumba awiri omwewa. Lina ndi lolipirira antchito, mafuta a galimoto zotola zinyalala ndi magetsi. Lina ndi la zinthu zokhalitsa: msewu, mlatho, msika, mapaipi a madzi, kapena malo amene mzinda ukufuna kuti pasamangidwe kanthu. Phunziro la sabata ino likuona thumba lachiwirili, ndipo chitsanzo chake ndi mzinda wa Boulder m'chigawo cha Colorado ku America. Mzindawu uli ndi anthu oposa pang'ono 100,000, uli m'munsi mwa mapiri a Rocky, ndipo pafupifupi zonse zimene wagula zadalira malonda a m'mashopu.

Nkhani idayamba ndi mantha. M'zaka za m'ma 1950 mzindawu unkakula mofulumira, nyumba zikukwera m'mapiri. Mu 1959 anthu adavota kuti khonsolo isamapereke madzi kupitirira mzere wina wa m'phiri, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamwamba pa nyanja. Lamuloli lidathandiza, koma silidasinthe mfundo yakuti malowo anali ndi eniake. Ofuna kumanga akanatha kudzipezera madzi mwa njira zina. Pamene kudamveka kuti pamalo otchedwa Enchanted Mesa pakufuna kumangidwa hotela yapamwamba, anthu adavota mu 1962 kuti mzinda ukongole ndalama n'kugula malowo. Kuletsa ndi lamulo n'kotchipa, koma chomwe chili chako ndi chimene wagula.

Kugula malo amodzi sikovuta. Vuto ndi kupitiriza kugula chaka ndi chaka popanda kupempha voti pa munda uliwonse. Ndiye mu 1967 anthu a ku Boulder adavomereza msonkho wa pa zogula wa 1 peresenti. Mwa ndalamazo, magawo 6 pa 10 adapita ku misewu, magawo 4 ku kugula ndi kusamalira malo achilengedwe. Ndiye kuti pa katundu wa madola 100, masenti 40 ankapita ku malowo. Uwu unali mzinda woyamba ku America kudziikira msonkho wotere. Mu 1989 adaonjezeranso 0.33 peresenti.

Chofunika pano si kukula kwa msonkhowo ayi, koma kuti udamangidwa pa ntchito imodzi. Ndalama yake siyikanatha kulipirira alawansi ya msonkhano kapena kugulira bwana galimoto. Amayi a banki m'khonde amachita zomwezi akamasiyanitsa ndalama ya masheya ndi ya chithandizo pa maliro: ikachepa ina, sakhudza inzake.

Koma msonkho umabwera ngati madzi a mvula yowaza, pomwe mwini munda akagulitsa amafuna ndalama yake yonse lero. Akachedwa kupatsidwa, amagulitsa kwa womanga nyumba, ndipo pamene pamangidwa sipabwereranso. Apa ndi pomwe pamalowa ngongole. Mu 1971 anthu adalola khonsolo kugulitsa mabondi pogula malo. Bondi ndi chikalata cha ngongole: mzinda umalandira ndalama kwa mabanki, makampani kapena anthu wamba, n'kulonjeza kubweza ndi chiwongoladzanja kwa zaka zingapo, nthawi zambiri 10 mpaka 20. Chikole chake ndi msonkho uja womwe uzibwera mtsogolo.

Mabondi a mizinda ya ku America ali m'magulu awiri. Ena amabwezedwa ndi misonkho ya mzinda wonse, ndipo wobwereketsa amawakhulupirira kwambiri. Ena amabwezedwa ndi ndalama yochokera ku gwero limodzi lotchulidwa, monga mabilu a madzi akamanga thanki, kapena msonkho wapadera ngati wa malo achilengedwewu. Chiwongoladzanja chake chimakhala chotsikirapo chifukwa amene wagula bondi ya mzinda kawirikawiri salipira msonkho wa boma lalikulu pa phindu lakelo. Ndipo ku Colorado, kuyambira 1992, lamulo lotchedwa TABOR limati boma kapena khonsolo singakweze msonkho kapena kutenga ngongole ya zaka zambiri osafunsa anthu pa voti.

Ena amanyansidwa akangomva mawu akuti ngongole, ndipo ali ndi zifukwa, makamaka omwe adalawapo katapila. Koma funso loyenera ndi lakuti ngongoleyo ikugula chiyani. Kukongola ndalama ya zaka 20 kuti ulipire malipiro a mwezi uno n'kudzikumbira dzenje. Kukongola ya zaka 20 pogula phiri lomwe zidzukulu zidzalipeza ndi nkhani ina: ana a lero akadzakula n'kumagula m'mashopu, adzalipira nawo chinthu chomwe akuchigwiritsa ntchito. Ndiponso mtengo wa malo ozungulira mzinda womwe ukukula umathamanga kuposa chiwongoladzanja. Mzinda ukanati uzisunga kaye mpaka ndalama ikwane, ukanapeza mtengo utachoka kale.

Si malo onse omwe mzinda umagula kwathunthu. Nthawi zina umangogula ufulu womangapo. Mlimi amakhalabe ndi munda wake, amalima, amaweta, akhoza kuugulitsa, koma iye ndi aliyense wodzagula pambuyo sangaugawe maploti. Njira iyi imatsika mtengo kuposa kugula munda wonse. Palinso malo omwe mzinda udagula n'kubwereketsa kwa alimi ndi oweta ng'ombe, amene amalipira lendi. Pamwamba pa izi, chigawo cha Colorado chili ndi thumba lotchedwa Great Outdoors Colorado, lomwe anthu adalivotera mu 1992, ndipo limathandiza mizinda pa ntchito zotere ndi phindu la lotale. Lero Boulder ili ndi maekala oposa 45,000 otetezedwa.

Nanga misewu, milatho ndi nyumba za khonsolo? Njira yake ndi yomweyo. Mzinda umalemba ndondomeko ya zaka 6 ya zomangamanga, ndipo ntchito iliyonse imaonetsa mtengo ndi kumene ndalama ichokere. Mu 2011 anthu adavomereza ngongole ya madola 49 miliyoni yokonzera zinthu zakale popanda kukweza msonkho. Mu 2014 adavomereza msonkho wa 0.3 peresenti wa zaka zitatu zokha, pamodzi ndi mndandanda wa ntchito zomwe ulipirire. Msonkho wokhala ndi tsiku lothera umachititsa khonsolo kugwira ntchito mooneka, chifukwa ikafuna kuupitiriza iyenera kubwereranso kwa ovota.

Zonsezi zisamveke ngati uchi wokhawokha. Msonkho wa pa zogula umapweteka osauka kuposa olemera, popeza wosauka amathera pafupifupi zonse zomwe wapeza m'shopu. Ndipo malo omangapo akachepa, nyumba zimakwera mtengo. Boulder ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri ku Colorado, moti ambiri ogwira ntchito m'mashopu ndi m'malesitilanti ake amagona m'matauni ena n'kumayenda tsiku lililonse. Phiri lidapulumuka, koma wina akulipira ndi thiransipoti.

Chiopsezo chachikulu chimakhudza amalonda mwachindunji. Mu 2000 m'tauni yoyandikana nayo ya Broomfield mudatsegulidwa malo aakulu ogulitsira zinthu otchedwa FlatIron Crossing. Ogula adayamba kupita kumeneko. Malo ogulitsira akale a ku Boulder, Crossroads Mall, adafota mpaka kutsekedwa mu 2004, ndipo msonkho wa mzindawo udatsika m'zaka zimenezo. Pamalopo adatsegulapo ena atsopano, Twenty Ninth Street, mu 2006. Mwini bondi safunsa ngati malonda ayenda. Tsiku lake likakwana amafuna ndalama yake, ndiye khonsolo imadula zina. N'chifukwa chake mzinda wanzeru sukongola mpaka pakhosi. Umasiya mpata pakati pa msonkho womwe ukuyembekezera ndi ngongole yomwe uzibweza pachaka.

Palinso mtengo womwe ambiri amauiwala pogula: kusamalira. Malo akagulidwa amafuna alonda, mipanda, njira ndi ozimitsa moto wa tchire. Madzi osefukira a mu Sepitembala 2013 adaononga njira zambiri za m'malo otetezedwawa, ndipo kukonza kudatenga zaka. Filiji nayo sithera pa kugula. Magetsi ndi mmisiri amabwera pambuyo.

Ku Malawi zinthu zidakonzedwa mosiyana. Msonkho wa VAT umatoleredwa ndi MRA n'kupita ku boma lalikulu, osati ku khonsolo. Makhonsolo amadalira msonkho wa nyumba ndi malo m'mizinda, malaisensi a bizinesi, ziphaso za mumsika, ndi ndalama zochokera ku boma kapena kwa mabungwe othandiza. Choncho njira ya Boulder siingakopedwe momwe ilili. Koma wogulitsa amene amadula chiphaso m'mawa uliwonse ali m'gulu la omwe akudzaza thumba la khonsolo, ndipo khansala kapena mkulu wa msika akabwera ndi nkhani ya shedi yatsopano, komiti ya msika ili ndi zofunsa. Ndalama yomangira ichokera kuti, ndipo ndi mphatso kapena ngongole? Ngati ndi ngongole, ibwezedwa kwa zaka zingati, ndipo chiphaso chikwera ndi zingati? Ndalama yoonjezerayo isungidwa mu akaunti yakeyake kapena ilowa m'thumba limodzi ndi malipiro? Ngongole ikatha, chiphaso chidzatsika? Nanga denga likayamba kudontha, mpope wa kuchimbudzi ukauma, ndalama yokonzera idalembedwa pati mu bajeti?