Kodi mphunzitsi wamkazi sakwatiwa?

Kuwerenga: Machitidwe 18:1-3 ndi 24-26, 21:8-9

Amayi anzanga, kuno ku Thuchila mtsikana akasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, kaya ku Phalombe kaya ku Blantyre, m'mudzi mumamveka nthungululu. Koma madzulo ake sipalephera kupezeka wachibale wonong'oneza mayi ake kuti, “Ameneyu mwamutaya. Amuna amaopa amadamu, adzakalamba ali mbeta.” Ena afika poumiriza mwana kuti ayambe wapeza banja, sukulu ibwere pambuyo. Tiyeni lero tifufuze kumene maganizo amenewa anachokera.

Chithunzi cha mphunzitsi wosakwatiwa ndi wopanda mwana sichinabadwire kuno. Ku England, makamaka m'zaka za m'ma 1920, makhonsolo ambiri anali ndi lamulo lakuti mphunzitsi wamkazi akakwatiwa ntchito yathera pomwepo. Ankati malo a mkazi wapabanja ndi pakhomo, ndipo malipiro ake apite kwa mwamuna amene akudyetsa ana. Mzinda wa London unachotsa lamuloli mu 1935, ndipo mu 1944 linathetsedwa m'sukulu za boma za ku England konse. Ku Ireland linagwira aphunzitsi a pulayimale kuyambira 1934 mpaka 1958. Tsono onani: ngati aliyense wokwatiwa amachotsedwa, m'kalasi mutsala ndani? Mbeta zokhazokha. Anthu anaiwala lamulo lija n'kuyamba kunena kuti choko ndi chimene chimathamangitsa amuna.

Ifenso a Anglican tinaziona ndi maso. Amishoni a UMCA, amene anakhazikika ku Likoma mu 1885, ankatumikira ali osakwatira. Choncho madona achizungu amene anaphunzitsa agogo athu kuwerenga ndi kusoka anali opanda banja. Sikuti anasowa owafunsira ayi, anadzipereka okha motero. Ife tinatola maonekedwe awo, chifukwa chake n'kuchisiya.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mayi wapabanja kwathu kuno sanakhalepo manja lende. Ndani amalima nandolo ndi chinangwa? Ndani amalawirira kukathyola tiyi kuesiteti, dengu kumsana? Ndani amayala tomato pamsika, mwana ali kumbuyo? Palibe amene amati ameneyo wanyanyala banja. Koma akangovala bwino, kunyamula mabuku ndi kulandira malipiro pakutha pa mwezi, timayamba kuti “ana ake akuleredwa ndi wantchito,” “mwamuna wake wadyetsedwa mankhwala.” Kodi vuto ndi ntchitoyo, kapena ndi ndalama imene yalowa m'dzanja la mkazi?

Malamulo a dziko lathu anasuntha kale. Lamulo la za ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, malipiro ake onse akulandira, kamodzi pa zaka 3, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Otsalira ndife, ndi pakamwa pathu.

M'mawu tawerengawa muli akazi a mitundu iwiri. Priskila anali pabanja, ankasoka mahema pamodzi ndi mwamuna wake Akula, ndipo awiriwa anamutenga Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, n'kumuwongolera chiphunzitso. Filipo anali ndi ana aakazi anayi osakwatiwa amene ankanenera. Luka sanamudzudzule Priskila chifukwa cha ntchito, ndipo ana a Filipo sanawamvere chisoni.

Apa pali posautsa ndithu. M'sukulu zathu alipo amadamu amene sanakwatiwe, ndi ena amene ali pabanja koma mphatso ya mwana sinabwere. Mayi wotere amaima tsiku lonse patsogolo pa ana odzaza kalasi, kuwapukuta mamina, kuwagulira pensulo ndi ndalama yake. Koma akalanga mwana wathu, mawu oyamba kutuluka ndi akuti, “Adziwa chiyani za mwana, poti sanabereke?” Mawu amenewa ndawamva kuchokera kwa amayi ovala yunifolomu yathu yomweyi, ndipo ndinachita manyazi.

Tisanatseke ndi pemphero, tikambirane m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Pa tchalitchi chanu, kodi mphunzitsi wosakwatiwa amakhala pati pa misonkhano ya amayi, ndipo ndani anapitako kukamuitana? Nanga mwana wanu atalandira kalata ya ku koleji mwezi umodzimodzi ndi ankhoswe a mnyamata, inu mungamulangize zotani?