Siteshoni ya Chiromo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ku Katete, Sinda kapena ku Vubwi kunakhalapo siteshoni ya sitima?

Ayi. Njanji ya ku Malawi inafika ku Mchinji mu 1980, n'kudzalowa mu Chipata mu 2010, ndipo inathera pomwepo. Ija imene boma linalonjeza kuti idzadutsa ku Petauke mpaka ku Serenje sinamangidwebe. Komabe mbiri ya Chiromo ikutikhudza, chifukwa njanji ya ku Chipata ndi mphukira ya imene inayambira kumeneko.

Chiromo ali kuti, ndipo anasankhidwiranji?

Ali kumwera kwa Malawi, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakocheza pamenepo, katundu n'kumakwera mapiri pamitu ya amtengatenga mpaka ku Blantyre. Kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuti ilowe m'malo mwa mitu ya anthuyo. Madzi a Shire atachepa, anaitalikitsa chakumunsi mpaka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908.

N'chifukwa chiyani amati njanji yopapatiza?

Pakati pa zitsulo zake ziwiri pali mamilimita 1,067, pomwe za ku Ulaya zambiri zili ndi 1,435. Yopapatiza imakhota mosavuta m'mapiri ndipo siidya ndalama zambiri pomanga. Ya ku Chipata ndi ya TAZARA zili ndi muyeso womwewo.

Nanga siteshoniyi inafa bwanji?

Madzi omwe anaibweretsa ndiwo anaipha. Mu 1948 mlatho wa pa Shire unakokoloka, koma anaumanganso. Mu 1997 madzi osefukira anadula mtumbira wa njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo ulendo uno palibe anakonza. Sitima yochokera ku Limbe inayamba kubwererera ku Makhanga. Anthu anayamba kuwoloka pabwato, pamodzi ndi njinga, matumba a chimanga ndi odwala omwe, pamalo amene amawatchula kuti Mtayamoyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mpata waung'ono chabe ndiwo unalekanitsa dera lonselo ndi misika yake.

Ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi tichitepo chiyani?

Akabwera odzatilonjeza njanji, tisangofunsa tsiku lodula riboni. Tiwafunse amene adzakonze mlatho mvula ikadzaugumula, ndi kumene kudzachokere ndalama zake. Mafumu ndi makhansala athu, funsoli mulifunse poyera.