Phunziro 14: Kugula Wailesi ya Kanema

Alimi a ku Tsangano amagulitsa mbatata ya kachewere. Alimi a ku Furancungo, m'boma la Macanga, amagulitsa fodya. Ena akalandira ndalama amagula wailesi ya kanema yopyapyala.

Ndalama za thukuta zisatayike. Musanalipire, uzani wogulitsa ayatse wailesiyo. Yang'anani galasi lonse. Mukaona mizere kapena ming'alu, musagule. Ngati kwanu kulibe magetsi, sankhani ya mavolti 12, yoyendera batire. Sungani lisiti.

Kunyumba, wailesi isayang'anane ndi zenera. Chithunzi chikada, onjezerani kuwala. Nkhope zikafiira kwambiri, chepetsani mtundu. Chithunzi chikamadukaduka, tembenuzani mlongoti pang'onopang'ono. Pukutani galasi ndi nsalu yofewa, youma.

Ntchito
1. Kodi tichite chiyani tisanalipire?
2. Lembani mawu awa: kanema, galasi, kuwala.